Tsitsi la Kamwezi

1. Botolo la pa Shelefu Yapamwamba

M'nyumba iliyonse ya ulemu mumakhala chinthu chimene mwana saloledwa kukhudza. M'nyumba imene tikunena pano chinthucho chinali botolo la dayi, mankhwala odetsera tsitsi, limene linkakhala pa shelefu yapamwamba m'saluni ya azakhali. Lachinayi lina m'mawa mtsikana wa m'nyumbamo anakoka mpando, nakwerapo, natsitsa botololo. Sikuti anaiwala lamulo ayi. Analidziwa bwino lomwe, ndipo n'chifukwa chake anayamba watseka chitseko.

Mtsikanayo anali wa zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Onse ankamutchula Changu, pakuti zala zake zinali zachangu pa ntchito yoluka tsitsi. Saluniyo inali chipinda chakumaso cha nyumba yawo, ndipo Loweruka lililonse azakhali ake ankamulola kuthandiza. Tsiku loyamba lenileni anamukhazika pansi namuuza mawu awa:

"Tamvera iwe, Changu. Chipeso gwira, ulusi gwira, lumo gwira, koma botolo ilo ayi. Dayi si mafuta. Amawotcha khungu la munthu wamkulu, nanga kuli bwanji la mwana? Ineyo ndisanapake munthu, ndimayamba ndamudontheza pang'ono kuseri kwa khutu, n'kudikira masiku awiri. Ndiponso usaiwale ichi: mutu wa munthu si wako. Munthu akakhala pa mpando uwu, wakupatsa mutu wake chifukwa wakukhulupirira. Usadzachite pamutupo chinthu chimene sungathe kuchinena pamaso pa anthu."

Pa mpando womwewo m'mawa umenewo panakhala mng'ono wake wa Changu, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, miyendo ikulendewera osafika pansi.

2. Mwana Wosiyana ndi Anzake

Mwanayo ankamutchula Kamwezi chifukwa cha tsitsi lake. Silinali lakuda monga la abale ake, ndiponso silinali loyera monga imvi. Linali lotuwa monyezimira, ngati supuni yatsopano. Nsidze zake zinali chimodzimodzi. Khungu lake linali loyererapo kuposa la onse m'banjamo, ndipo kumaso ndi m'khosi, kumene dzuwa limawomba, kunali timadontho, tina takuda, tina toyera. Maso ake sankapirira kuwala, choncho sankatuluka panja wopanda chipewa.

Tsitsi lokhalo silikanadetsa nkhawa munthu. Chimene chinkasowetsa mtendere amayi awo chinali zithupsa. Chimodzi chikapola pa mwendo, china chinkatuluka m'khwapa. Akangogunda tebulo pang'ono, pamalopo pankada mlungu wathunthu. Nkhama zake zinkatuluka magazi potsuka mano. Amayiwo anayenda naye m'zipatala zambiri, ndipo kulikonse ankawapatsa mankhwala a zithupsa n'kuwabweza.

Munthu woyamba kuganizapo mozama anali namwino wachikulire wa pa chipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Lolemba la mlungu womwewo iye analemba kalata, naimata, nalankhula kwa amayiwo, Changu ali pomwepo akumva.

"Mayi, ine ndabaya ana jakisoni zaka makumi atatu, koma tsitsi ili sindinalionepo. Si njala, pakuti mwanayu amadya. Si khungu lachialubino limene timalidziwa, pakuti limenelo silibwera ndi zithupsa zotere. Mtima wanga ukundiuza kuti tsitsi ili ndi zilonda izi n'zapachibale, koma nzeru zanga zathera pamenepa. Lachinayi kukubwera dokotala wamkulu wa matenda a pakhungu ku chipatala chachikulu. Amabwera kawiri kokha pa chaka. Mwanayu mumusambitse ndi madzi ndi sopo wamba basi. Musamudzoze mafuta, musamupake pauda, musamuluke. Apite monga anabadwira. Dokotala wa khungu amapima ndi maso. Mukabisa kanthu, mwamumanga nsalu kumaso, ndipo wovulala si iye ayi, ndi mwana wanuyu."

Amayiwo ankasoka zovala ku fakitale, ndipo anawalola kuchoka pa ntchito nthawi ya teni koloko, osati isanakwane. Bambo awo, oyendetsa galimoto ya katundu, anali paulendo. Lachinayilo azakhali analawirira kukagula zipangizo za saluni, nati adzafika ku chipatala pamodzi ndi amayiwo. Motero udindo wosambitsa mwana, kukwera naye basi ndi kukagwira malo pa mzere unagwera Changu.

3. Theka la Ola

Basi yopita ku chipatala chachikulu inali yomweyo imene anzake a Changu ankakwera popita kusukulu. Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Ulendo wina m'mbuyomo chipewa cha Kamwezi chinagwa m'basimo, ndipo mnyamata wina wa m'kalasi mwa Changu anaimirira nawerama mwachipongwe.

"Agogo, khalani apa, miyendo ingakupwetekeni! Iwe Changu, bwanji sunatiuze kuti kwanu agogo amabadwa pambuyo pa adzukulu?"

Basi yonse inaseka. Chiyambire tsiku limenelo, ena kusukulu ankamuitana Changu kuti mdzukulu.

Tsono m'mawa wa Lachinayilo Changu anavala magolovesi monga amachitira azakhali, nasakaniza dayi m'kambale, napaka mutu wonse wa mng'ono wake kuyambira pamphumi kufikira kunkhongo. Anadikira theka la ola, natsuka, naumitsa. Nsidze anazidetsa ndi pensulo ndi kaburashi. Kumaso ndi m'khosi anapakako pauda woderapo mpaka timadontho tonse tinabisika. Ntchitoyo anaigwira mwaluso, ndipo ndiyenera kunena kuti luso likatumikira chinyengo limaposa umbuli kuopsa kwake.

Atamutembenuzira ku kalilole, Kamwezi anatsegula pakamwa.

"Achemwali, ameneyo ndine?"

"Nanga angakhale ndani? Khala bwino, ungafute pauda."

"Ndikufanana ndi inu! Taonani, ndikufanana ndi inu!"

"Ukufanana nane, inde. Koma pakamwapo utseke. Adokotala akafunsa, woyankha ndine."

Changu anatsuka kambale, nabwezera botolo pamalo pake. Akanafunsidwa, akanati wachitira chifundo mng'ono wake. Koma chifundo chenicheni sichiyamba ndi kutseka chitseko. Manyazi amene ankawathawa anali ake, osati a mwanayo.

M'basi palibe anaseka. Mnyamata uja anayang'ana kawiri, natembenukira kuwindo.

4. Chipinda cha Makatani Otseka

Dzina la Kamwezi linaitanidwa teni koloko isanakwane, amayi asanafike. M'chipindamo munali ophunzira udokotala asanu ndi mmodzi ovala makhoti oyera. Pa tebulo panali makina oonera tinthu tating'onoting'ono, olumikizidwa ku sikirini yaikulu ya pakhoma. Dokotalayo anali mayi wokalamba, wamfupi, mutu wonse uli mbuu ndi imvi.

Kamwezi anayang'ana imvizo nthawi yaitali.

"Inunso amakunenani kuti agogo?"

Ophunzira anaseka. Adokotala anasekanso. "Ine ndine agogo enieni, adzukulu ndili nawo anayi. Nanga iwe amakutero?"

"Amangolankhula uyu, adokotala," anatero Changu msanga, atafinya phewa la mng'ono wake.

Adokotala anawerenga kalata ya namwino uja mosafulumira. Kenaka anapima mwanayo. Anawerenga zipsera za zithupsa m'miyendo, naona malo akuda m'mikono, nayang'ana nkhama. Atawalitsa katochi m'maso, mwanayo anatsinzina natembenuka. Pomaliza anamuvula chipewa. Anayang'ana tsitsi, nayang'ananso kalata.

"Kalatayi ikunena za tsitsi lotuwa ngati siliva. Mwana wanga, tsitsi ili ndi limene anabadwa nalo?"

"Ndi lomwelo, adokotala," anayankha Changu.

"Simunapakepo kanthu?"

"Mafuta okha."

"Mafuta okha," anabwereza adokotala, namuyang'ana Changu kufikira iye anagwetsa nkhope. "Chabwino. Tilifunse lokha tsitsilo. Tsekani makatani. Iwe mkulu wake, ndibwereke limodzi lako kuti tiyerekeze."

Anadula tsitsi limodzi la Changu, naliika pakati pa timagalasi tiwiri, nalilowetsa m'makina. Chipinda chinada, khoma linawala.

Changu anayandikira khomalo. Iye amene ankagwira tsitsi Loweruka lililonse, amene ankalisesa pansi n'kukalitaya kudzala, sanadziwe kuti ndi lotere. Linadutsa khoma lonse, lalikulu ngati thunthu la mtengo, lokhala ndi mamba osanjikizana bwino ngati matailosi a padenga. Kuwala kunkalowa m'mphepete mwake mofiirira, ndipo mkati munali timadontho tosawerengeka, tosalala ngati mchenga wosefa, tomwazika mofanana kuyambira uku kufikira uko.

"Limeneli ndi langa?" ananong'ona.

"Ndi lako, limodzi mwa zikwi zambirimbiri, ndipo lililonse linamangidwa mosamala chomwechi, iwe uli m'tulo kapena ukusewera. Timadonthoto ndi timene timalipatsa mtundu. Tsopano tione la mng'ono wako."

La Kamwezi linaoneka ngati mtanda wachitsulo. Linali bii, kuwala osadutsa ngakhale pang'ono. Adokotala anapotoza makinawo uku ndi uku, napukusa mutu.

"Ili latseka pakamwa. Tsitsi lakuda kwambiri nthawi zina limatero. Silikundiuza kanthu."

Atatero anatsegula chikwama chawo natulutsa kabokosi kathabwa. M'menemo munali kagalasi kakale, kokhala ndi pepala lofiirira m'mphepete, ndipo anakalowetsa m'makina.

"Ophunzira inu, yang'anitsitsani, pakuti mwina simudzachionanso moyo wanu wonse. Ichi ndi chimene namwino uja amaganizira."

Pakhoma panaoneka tsitsi loyera mbee, lowala ngati madzi a m'botolo. Mkati mwake mtundu sunamwazike ayi. Unaunjikana m'timiulu takuda, tina tatikulu, tina tating'ono, totsatana mumzere ngati miyala yowolokera pamtsinje. Pakati pa kamulu ndi kanzake kuwala kunkadutsa mwaufulu. Wophunzira wina amene ankalemba anasiya cholembera chili m'mwamba.

"Koma ndiye n'lokongola," anatero Kamwezi mokweza.

"N'lokongoladi, mwana wanga, ndipo n'loona mtima," anayankha adokotala. Kenaka anatembenukira kwa ophunzira. "Mverani bwino. Mtundu wa tsitsi ndi wa khungu umasungidwa m'timatumba tating'ono kwambiri. Mwa inu ndi ine timatumbato timayenda patokhapatokha. Mwa ana awa timaphatikana n'kukhala miulu. Tsono chodabwitsa n'chakuti asilikali a m'magazi, amene amatiteteza ku matenda, nawonso amanyamula zida zawo m'timatumba totero. Timatumbato tikaphatikana, msilikali amafika mochedwa pamene pali mdani, ndipo zida zake zimakanika kutuluka. N'chifukwa chake zithupsa sizitha. Mlengi anaika chizindikiro panja, pamutu, poonekera aliyense, kuti tidziwe zimene zikuchitika m'kati mwa magazi, m'mene diso silifika. Matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri, iwo eni ali bwinobwino, osadziwa kanthu. Palibe amene analakwa, ndipo palibe amene analodza."

"Adokotala," anafunsa wophunzira wina wamkazi, "mwini tsitsi limeneli ali kuti?"

"Pa ntchito yanga yonse ndaona ana awiri okha. Mwini tsitsi ili anali woyamba. Anafika kwa ine mochedwa. Ana otere imafika nthawi imene thupi limatentha osaleka, chiwindi ndi kapamba n'kutupa, ndipo zikafika pamenepo mankhwala athu amachepa mphamvu. Anandisiyira tsitsi lokhali. Wachiwiri tinamuzindikira msanga. Analandira mafuta a m'mafupa kuchokera kwa mlongo wake, ndipo chaka chatha ananditumizira chithunzi atavala yunifomu ya sekondale. Kusiyana kwa awiriwa kunali miyezi yochepa chabe."

Anatsegulitsa makatani, nalemba pa kapepala, napatsa Changu.

"Tsitsi la mng'ono wako likanakhala monga yanenera kalatayi, sakanabwerera kunyumba lero. Ndikanamugoneka kuno n'kuyamba kuyeza magazi ake. Koma iwe wanena kuti anabadwa nalo lakuda, ndipo ine sinditchula mwana wa munthu kuti wabodza popanda umboni. Kalandireni mankhwala a zithupsa. Ndidzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Wotsatira alowe."

5. Pa Bwalo la Chipatala

Anatuluka. Palibe anawaitana, palibe anawatsata. Bodza linali litapambana, ndipo khomo lopita kunyumba linali lotseguka.

Malo olandirira mankhwala anali tsidya lina la bwalo. Dzuwa linali litakwera. Pakati pa bwalolo Kamwezi anaima, naphimba maso ndi mkono. Thukuta linatsika kuchokera m'chipewa, n'kulemba mzere pa tsaya lake, ndipo m'mzeremo munaonekera khungu lake lenileni ndi timadontho take.

"Achemwali, miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri?"

Changu anayang'ana mzere wa pa tsayalo.

"Achemwali, mwana anamwalira uja, tsitsi lake linali ngati langa lija?"

"Tiye tibwerere," anatero Changu.

Mwanayo anamvetsa nthawi yomweyo. Anagwira siketi ya mkulu wake ndi manja onse awiri. "Ayi, musanene! Mawa ndikufuna ndipite nalo kusukulu. Tsiku limodzi lokha, achemwali. Sindidzakuvutitsaninso. Amayi akafunsa ndidzati ndinapaka ndekha."

Mawu otsirizawo ndi amene anamulasa Changu. M'mawa umodzi wokha anali ataphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kuchita manyazi ndi mutu wake, ndiponso kunama. Anapinda kapepala ka mankhwala, nanyamula mng'ono wake ngati khanda, ngakhale anali kulira ndi kuponya miyendo, nabwerera njira imene anadzera.

6. Pamaso pa Onse

Pa mabenchi panali podzaza anthu odikira. Bambo wina anadandaula kuti, "Mzere, mtsikana iwe! Tonsefe tabwera m'mawa!" Changu anapepesa osaima. Chitseko cha chipinda chinali chotsegula, pakuti wodwala wina anali kutuluka. Analowa, natsitsa mwanayo, nagwada pakati pa chipinda. Nthawi yomweyo amayi ake, ulusi wa ku fakitale udakali pa malaya, anafika pakhomo pamodzi ndi azakhali. Ataona mutu wakuda wa Kamwezi, onse awiri anaima ngati zipilala.

Changu anawaona. Komabe sanatsitse mawu ake. Anamveka mpaka ku mabenchi.

"Adokotala, ndinakunamizani kawiri. Tsitsi ili si lake. Mng'ono wanga anabadwa ndi tsitsi la siliva, monga analembera anamwino. Ndalidetsa ndine lero m'mawa ndi dayi wa azakhali, amene anandiletsa kumukhudza. Nsidze ndadetsanso ndine, ndipo kumasoku ndapaka pauda kuti timadontho take tisaoneke. Anamwino anachenjeza ine ndikumva. Amayi sakudziwa, azakhali sakudziwa, ndipo mwanayu alibe mlandu. Sindinachitire iye ayi. Ndinachitira ine ndemwe, chifukwa anzanga amandiseka m'basi, ndipo ndinachita manyazi kuyenda ndi m'bale wanga. Mundilange mmene mungafunire, koma chonde musamubweze kunyumba."

Panalibe woseka. Bambo wodandaula uja anavula chipewa chake.

"Dzuka," anatero adokotala. "Zolanga ndi za amayi ako, si zanga. Wabwerera wekha, ndipo wabwerera lero, osati mwezi wamawa. Mundipatse thonje lonyowa."

Anagwira chibwano cha Kamwezi, napukuta nsidze yakumanja pang'onopang'ono. Thonje linada, ndipo pansi pake panatuluka kamzere konyezimira. Anadulapo katsitsi kamodzi, nakaika m'makina. Makatani anatsekedwanso. Anthu a pa mabenchi anadzazana pakhomo, ndipo palibe anawathamangitsa.

Khoma linawala. Timiulu takuda tinaoneka mumzere, kuwala kukudutsa pakati pake.

Kamwezi analeka kulira. "Limenelo ndi langa?"

"Ndi lako, mwana wanga. Lero ugona kuno." Adokotala anavula magalasi awo, natembenukira kukhomo. "Mayi, lowani mukhale pansi. Ndili ndi funso limodzi, ndipo mwana wanu wamkuluyu wationetsa kale mmene tiyenera kuyankhira. Kodi kubanja kwanu, kapena kwa amuna anu, kunabadwapo mwana wina wa tsitsi lotere?"

Azakhali anayang'ana pansi. Amayi sanakhale pa mpando. Anagwira mphuthu ya chitseko, nayang'ana Changu.

"Analipo, adokotala. Ndinamubereka ndine, Changuyu asanabadwe, ndipo anatisiya ali wamng'ono. Ana angawa sindinawauzepo."